Makande a kubusa kwathu: makhalidwe ake, gulu lake ndi kasamalidwe kake

Chaka ndi chaka, mwezi wa Okutobala ukafika, pa misonkhano ya makomiti a chitukuko m'mawodi athu pamamveka dandaulo lomwe lija: msipu watha, ng'ombe zaonda mpaka nthiti kuwerengeka, ndipo ana amene amayenera kukhala m'kalasi akulondola ziweto mitunda italiitali kufunafuna udzu. Ambiri timaloza chala kumwamba n'kunena kuti mvula inachepa. N'zoona kuti mvula ya m'chigwa cha Shire ndi yochepa, ndipo zaka zina imakanika ndithu monga inachitira mu nyengo ya 2023 mpaka 2024. Komabe aliyense woyenda kubusa waonapo malo awiri oyandikana, olandira mvula yofanana, pena udzu ukufika m'chiuno pomwe pena pali mbee ngati pabwalo la mpira. Kusiyana kumeneku kumachokera pansi pamene tikuponda.

Phunziro lino likufotokoza za makande, nthaka yakuda ya dongo imene ziweto zambiri za m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje zimadyapo. Tiona mmene inapangikira, makhalidwe ake, gulu limene akatswiri amaiyikamo, ndi mmene tingaisiyanitsire ndi nthaka ina yokhala moyandikana nayo. Mfundo yaikulu ndi yakuti msipu wa pa makande umaonongeka m'dzinja, pamene dothi lili lonyowa, ngakhale kuti kuonongekako timakuona m'chilimwe. Tikupempha mafumu, makhansala, makomiti a VDC ndi ADC komanso eni ziweto kuti awerenge phunziroli pamodzi ndi kukambirana mafunso amene ali kumapeto.

Chigwa chathu ndi chiyambi cha makande

Chigwa cha Shire ndiwo malo otsika kwambiri m'dziko lonse la Malawi. Kumene mtsinje wa Shire umatulukira m'dziko muno kulowa mu Mozambique, nthaka ili pa mamita osafika 40 kuchokera pa mlingo wa nyanja yaikulu ya mchere. Kum'mawa kuli mapiri a Thyolo, kumadzulo kuli zitunda za kumalire ndi Mozambique. M'madera ambiri a pansi pa chigwachi mvula ya pachaka sifika mamilimita 800, ndipo pafupifupi yonse imagwa m'miyezi inayi kapena isanu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Madzi amene dzuwa lotere lingathe kuumitsa pachaka ndi ochuluka kwambiri kuposa mvula imene timalandira.

Akatswiri a nthaka amaphunzitsa kuti dothi lililonse limapangidwa ndi zinthu zisanu zogwirira ntchito limodzi: mwala umene linachokera, nyengo, kutsetsereka kwa malo, zamoyo, ndi kutalika kwa nthawi. Maganizo amenewa anayamba ndi katswiri wa ku Russia, Vasily Dokuchaev, m'zaka za m'ma 1880. Zinthu zisanuzi zikuoneka bwino pa makande athu. Kumadzulo kwa Ngabu kuli miyala yakuda yotchedwa basalt, imene inapangika kalekale kuchokera ku chiphalaphala chotuluka pansi pa dziko. Mwala umenewu ukamafumbutuka umatulutsa dongo losalala lokhala ndi michere yambiri ya kashiamu ndi maginiziyamu. Kwa zaka zikwizikwi madzi akhala akunyamula dongoli n'kuliyala pa malo athyathyathya. Kukanakhala kwa mvula yambiri, monga ku Mulanje, michereyo ikanatsukika n'kupita, ndipo dothi likanasanduka lofiira ngati katondo. Kuno mvula ndi yochepa ndipo madzi sathamanga, choncho michere inatsalira momwemo. Kuuma kwa dera lathu, kumene timakudandaula, n'komwenso kunasunga chonde cha makande.

Zimene zili m'dothi

Dothi lililonse lili ndi timibulu ta misinkhu itatu. Tatikulu kwambiri ndi mchenga, umene umakanda ukautikita pakati pa zala, ndipo kambulu kake kamatha kufika mamilimita awiri. Tapakati ndi matope osalala ngati ufa woyera amene madzi osefukira amasiya m'madimba. Akatswiri amawatcha silt. Tating'onoting'ono zedi ndi dongo, limene kambulu kake ndi kochepera milimita imodzi itagawidwa magawo 500, kotero kuti sikaoneka ndi maso. Khalidwe la nthaka limadalira kwambiri kuchuluka kwa mitundu itatuyi. Mchenga umalola madzi kudutsa msanga koma suwasunga. Dongo limasunga madzi ndi michere koma limachedwa kuwalola kudutsa.

Dongo nalonso si lamtundu umodzi. Dongo la mu katondo silisintha kukula kwake likanyowa. La mu makande ndi la mtundu wotchedwa smectite, lopangika ngati timasamba topyapyala tosanjikizana. Madzi akalowa pakati pa timasambato, dongo limatupa, akachoka, limafota. Pafupifupi zonse zimene timadziwa za makande, zabwino ndi zovuta zomwe, zimachokera pa kutupa ndi kufota kumeneku.

Makhalidwe a makande

Khalidwe loyamba ndi ming'alu. M'chilimwe makande amang'aluka, ndipo ming'alu ina imakula moti dzanja limalowa, n'kuzama theka la mita kapena kupitirira. Pamwamba dothi limafumbutuka kukhala timibulu ngati nthanga za mapira. Mphepo ndi ziboda za ziweto zimagwetsera timibuluto m'ming'alu. Mvula ikabwera dothi limatupa, koma malo amene linafunika kubwereramo adzadza kale, motero limakankhana n'kukwera m'mwamba. Mwa njira imeneyi nthaka imadzitembenuza yokha pang'onopang'ono: la pamwamba limapita pansi, la pansi limabwera pamwamba. N'chifukwa chake mukakumba dzenje pa makande simupeza magawo osiyana mitundu monga zimakhalira pa nthaka zina. Dothi limakhala lakuda kapena lotuwa mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi patali.

Kukankhana kuja kumasiya zizindikiro. M'kati mwa dzenje mudzaona zibuma zokhala ndi nkhope zosalala, zonyezimira ngati mtsuko wokulungizidwa, zokhala chopendekeka. Pamenepo ndi pamene dothi lina linatsetsereka pamwamba pa linzake. Pa malo amene sanalimidwepo nthaka imakhala ndi timitumbira ndi timaenje tosayamba kukumbidwa ndi munthu. Mitengo ya mpanda imapendama, makoma a nyumba amang'aluka, ndipo mizu ya mitengo yambiri imaduka. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene makande amakhalira ndi udzu wambiri ndi mitengo yapatalipatali, makamaka ya minga, zomwe zimachititsa kuti akhale malo abwino odyetserapo ziweto.

Khalidwe lachiwiri ndi mmene amamwera madzi. Mvula yoyamba yamphamvu imalowa m'ming'alu mofulumira n'kufika pansi penipeni. Ming'alu ikangotsekeka, madzi amalowa mochedwa kwambiri, ndipo otsalawo amadikha pamwamba kapena kuyenda n'kukokolola dothi. Mvula yowaza siithandiza kwenikweni nthaka imeneyi, pakuti dongo louma limagwira madzi ochepawo mwamphamvu moti mizu imalephera kuwayamwa. Ndiye chifukwa chake mvula yoyamba ikagwa pang'ono, msipu umayamba kuphuka pa mchenga pomwe pa makande pakadali pouma. Koma makande akakhuta madzi amasunga chinyontho kwa nthawi yaitali, ndipo udzu wake umakhalabe wobiriwira wa pa mchenga utauma kale.

Khalidwe lachitatu ndi kulimba ndi kumata. Akauma, makande amabweza khasu. Akanyowa, amamata ku mapazi, ku mateyala a njinga ndi ku ziboda. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo mwambiwu anthu a pa makande amaudziwa ndi miyendo yawo. Masiku amene dothili limakhala lofewa bwino, losauma komanso losamata, ndi owerengeka. Likapondedwa lili lonyowa limakandika ngati dongo la woumba mbiya: timipata ta mpweya timatsekeka, ndipo likauma limasanduka zibuma zolimba zimene mbewu za udzu sizingamerepo mosavuta.

Khalidwe lachinayi ndi chonde. Makande ali ndi kashiamu ndi maginiziyamu wochuluka, kawirikawiri ndi potaziyamu yemwe, ndipo amagwira bwino michere kuti isatsukike. Pa muyeso wa pH, umene umayambira 0 kulekeza 14 ndipo 7 ndiye pakati, makande ambiri amakhala pakati pa 7 ndi 8.5, kutanthauza kuti alibe asidi. Pansi pake mumapezeka timiyala toyera ta laimu. Choncho kuthira laimu pa nthaka imeneyi n'kutaya ndalama. Chimene chimaperewera kawirikawiri ndi nayitirojeni ndi fosifolasi, ndipo nthawi zina zinki. Tisanyengedwe ndi kuda kwake. Pa nthaka zina kuda kumasonyeza kuchuluka kwa zinyalala zowola, koma makande amada ngakhale zowolazo zili zochepa, chifukwa pang'ono pomwe zikamatirira ku dongo la mtunduwu zimalidetsa. Makande amafunabe ndowe ndi udzu wowolerana ngati nthaka ina iliyonse.

Udzu womera pa dongo lachonde m'dera la mvula yochepa umakhala ndi chakudya chabwino, ndipo ng'ombe zimaudya ngakhale utauma. Udzu wautali wa kumadera a mvula yambiri, monga tsekera, ukakhwima umasanduka mapesi opanda thanzi. Apa ndi pamene pagona chuma cha ziweto cha chigwa chino.

Gulu la makande

Makolo athu anagawa nthaka m'magulu kalekale, potengera mtundu wake, mmene imamvekera m'manja ndi zomera zake: mchenga, katondo, makande, dothi la kudimba, dothi la mchere. Kagawidwe kameneka n'kolondola ndipo alangizi amakagwiritsa ntchito. Akatswiri anawonjezapo mayina ogwirizana padziko lonse kuti zimene zaphunziridwa kudziko lina zithe kuthandiza kwina kumene kuli nthaka yofanana.

Njira zodziwika kwambiri ndi ziwiri. Yoyamba ndi World Reference Base for Soil Resources, imene bungwe la FAO limagwiritsa ntchito, ndipo imagawa nthaka za padziko lonse m'magulu akuluakulu 32. Yachiwiri ndi Soil Taxonomy ya ku United States, yokhala ndi magulu akuluakulu 12. M'njira ziwiri zonsezi makande ali m'gulu lotchedwa Vertisols. Dzinali linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kutembenuza, poganizira kudzitembenuza kuja.

Si dothi lakuda lililonse limene limalowa m'gululi. Pamafunika zinthu zitatu. Dongo liyenera kukwana magawo 30 pa 100 aliwonse kapena kuposa. Payenera kukhala ming'alu yotseguka m'chilimwe ndi kutsekeka m'dzinja. Ndipo munthu asanakumbe kupitirira mita imodzi ayenera kupeza gawo lokhala ndi nkhope zonyezimira zija kapena zibuma zosongoka ngati mphero ya nkhwangwa, lochindikala masentimita 25 kapena kuposa. Pa dzina la gulu amawonjezapo mawu ena ofotokoza bwino: Pellic ngati dothi ndi lakuda bii, Calcic ngati lili ndi gawo la laimu wambiri, Sodic ngati lili ndi sodiyamu wochuluka, Salic ngati lili ndi mchere. Mlangizi akakuonetsani mapu a nthaka kapena zotsatira za ku labotale, mawu owonjezerawa ndi ofunika kuwamvetsa, pakuti ndi amene amanena vuto lenileni la malo anu.

Nthaka ya gulu limeneli imapezeka pa mahekitala pafupifupi 335 miliyoni padziko lonse, makamaka ku India, Australia, Sudan ndi Ethiopia. Chigwa cha Gezira ku Sudan, chotchuka ndi ulimi wa thonje wothirira, chili pa nthaka yomweyi. N'zosadabwitsa kuti kunonso thonje ndi mapira zimachita bwino pa makande.

Makande sali okha m'chigwa muno. M'mbali mwa Shire, Mwanza ndi mitsinje ina muli dothi losanjikizana limene madzi osefukira amasiya, la gulu la Fluvisols, ndipo ndilo la madimba athu. M'zitunda muli dothi losaya la miyala, la gulu la Leptosols. Koma nthaka imene tiyenera kuisiyanitsa bwino ndi makande ndi ya m'nkhalango za tsanya.

Nthaka ya sodiyamu ya m'tsanya

Mtengo wa tsanya umamera pa nthaka zosiyanasiyana za kumalo otentha, koma umadziwika ndi kupirira pa nthaka yolimba ya sodiyamu imene mitengo ina imalephera. Nthaka yotereyi ikakhala ndi gawo la pansi la dongo lodzadza sodiyamu imalowa m'gulu la Solonetz. Pamwamba pake pamakhala dothi lopyapyala, lotuwa, la mchengamchenga. Pansi pake, mwadzidzidzi, pamabwera dongo lolimba ngati njerwa, loima mizatimizati yokhala ndi mitu yozungulira. Akatswiri amati nthaka ndi ya sodiyamu ngati mcherewu watenga magawo 15 pa 100 a malo amene dongo limagwirira michere, ndipo pH yake kawirikawiri imapitirira 8.5.

Kashiamu amamanga timibulu ta dongo pamodzi; sodiyamu amatimwaza. Dongo la sodiyamu likanyowa limasungunuka n'kutseka timipata tonse, moti madzi ndi mizu zimalephera kulowa. Moyo wonse wa malo otere uli m'kadothi kopyapyala ka pamwamba kaja. Tsanya akadulidwa kuotcha makala, udzu n'kudyedwa mpaka kumizu, kadothiko kamapita ndi mvula imodzi yamphamvu, ndipo chotsala ndi bwalo loyera lolimba pamene sipamera kanthu kwa zaka zambiri. Madzi akapeza polowera, amafukula mphanga pansi, nthaka n'kugumukira mkati, chigwembe n'kuyamba. Makande ali ndi mphamvu yodzikonza okha pang'ono kudzera m'kutupa ndi kufota, koma nthaka ya sodiyamu ilibe mphamvu imeneyo. Madzi akatayika saoleka: pa nthaka iyi kuteteza n'kotsika mtengo kwambiri kuyerekeza ndi kukonza.

Palinso nthaka ya mchere weniweni, imene m'chilimwe imachita zoyera pamwamba ngati phulusa. Ziweto zimakonda kunyambita malo otere, motero zimaunjikana pamenepo n'kupondereza udzu wochepa umene unalipo.

Njira zinayi zoyesera nthaka pamudzi

Komiti iliyonse ingathe kudziwa nthaka ya kubusa kwake popanda chida chogula. Kumbani dzenje lakuya mita imodzi pa malo aliwonse amene udzu kapena mitengo yake ikuoneka yosiyana ndi ya pena, ndipo chitani izi.

Kupota. Tengani dothi lodzadza dzanja, linyowetseni pang'ono, likandeni, kenaka lipoteni pakati pa zikhato kukhala kachingwe konenepa ngati pensulo. Ngati likukana kupoteka, ndi mchenga. Ngati likupoteka koma likuthyoka polipinda, ndi losakanikirana. Ngati likupindika mpaka kukhala mphete osathyoka, ndi dongo lenileni. Yesani la pamwamba padera, la pansi padera. Pa makande onse awiri amapanga mphete. Pa nthaka ya sodiyamu la pamwamba limathyoka pomwe la pansi limapindika.

Botolo. Thirani dothi losefa m'botolo loonekera mkati kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, dzadzani madzi, khutchumulani kwambiri, ndipo liyikeni pamalo osagwedezeka. Mchenga umakhazikika pansi m'mphindi imodzi kapena ziwiri, matope osalala m'maola angapo, pomwe dongo limatenga tsiku kapena masiku. Kuchindikala kwa gawo lililonse kumakupatsani chithunzi cha zimene zili m'dothi lanu.

Kambulu m'madzi. Ikani kambulu kouma, kakakulu ngati nsawawa, m'mbale ya madzi a mvula, ndipo musaigwedeze. Madzi a pa mjigo asagwiritsidwe ntchito chifukwa ambiri kuno ali ndi mchere umene ungasokoneze zotsatira. Kambulu kakangophwanyika madzi n'kukhalabe oyera, palibe vuto. Koma pakaoneka mtambo wonga mkaka wozungulira kambuluko patapita mphindi zingapo kapena maola awiri, dothilo likumwazika ndipo mwina lili ndi sodiyamu wambiri.

Viniga. Donthezani viniga pa timiyala toyera ta m'dzenje. Tikachita thovu, ndi laimu.

Zimene mwapeza zilembeni m'buku la komiti, ndi kujambula mapu a busa lanu osonyeza pamene pali nthaka iliyonse. Pofuna miyeso yeniyeni ya pH, mchere ndi sodiyamu, funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuti akuthandizeni kutumiza dothi ku labotale, monga ya ku malo a kafukufuku a Bvumbwe kapena Chitedze.

Kudyetsa ziweto motsata nthaka

Tsopano tibwerere ku mfundo yaikulu. M'miyezi ya Disembala mpaka Malichi, ng'ombe zikalowa pa makande onyowa zimaononga msipu kuposa umene zadya. Ziboda zimakanda dothi, zimakwirira udzu wanthete m'matope ndi kuthyola mizu ya zitsinde. Udzu wokhalitsa, umene umaphukira pa chitsinde chaka ndi chaka, ukadyedwa mobwerezabwereza usanakule, umatha mphamvu n'kufa. M'malo mwake mumamera udzu wa chaka chimodzi umene umauma msanga n'kuuluzika ndi mphepo, pamodzi ndi zitsamba zimene ziweto sizidya. Kuyenda m'matope tsiku ndi tsiku kumabweretsanso matenda a kuwola kwa ziboda. Zonsezi zimachitika pamene busa likuoneka lobiriwira ndipo palibe akudandaula. Njala ya ziweto ya mu Okutobala imakhala itabzalidwa mu Januwale.

Choncho mudzi ugawe busa lake molingana ndi nthaka. M'dzinja, makamaka masiku oyamba mvula yamphamvu itagwa, ziweto zidye pa malo okwera a mchenga kapena a miyala, pamene msipu umaphuka msanga ndipo pansi sipakandika. Pamenepanso zisakhalitse pamodzimodzi. Zizisuntha kuti pamene zadya papume. Makande asungidwe mpaka dothi litalimba ndipo udzu wabala mbewu, kuyambira cha mu Epulo. Malo a tsanya okhala ndi sodiyamu adyetsedwe mopepuka komanso pakakhala pouma; masamba a tsanya, ngakhale ogwa pansi, ndi chakudya chabwino cha ng'ombe ndi mbuzi, choncho mtengowu ndi waphindu kwa woweta uli chiimire. Kumapeto kwa chilimwe mapesi a mapira ndi chimanga, makoko a msangu ndi udzu wa m'mbali mwa madambo zithandize kufikitsa ziweto ku mvula. Tikudziwa kuti m'dzinja malo okwera ambiri amakhala ndi mbewu, ndipo apa ndi pamene pamabuka milandu pakati pa alimi ndi oweta. N'chifukwa chake kagawidweka kayenera kukambidwa pabwalo la amfumu mvula isanayambe, pamodzi ndi njira zodutsa ziweto.

Kuchuluka kwa ziweto nakonso kuwerengedwe. Ng'ombe yolemera makilogalamu 250 imadya udzu wouma pafupifupi makilogalamu 6 patsiku. Kuyambira Juni mpaka Novembala ndi masiku pafupifupi 180, ndiye kuti ng'ombe imodzi ifunika makilogalamu 1,080. Kuti mudziwe udzu umene muli nawo, yezani malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi momwe, mwetani udzu wonse, uyanikeni mpaka uume, ndipo uyezeni pa sikelo. Chitani zimenezi pa malo khumi osiyanasiyana n'kupeza mlingo wapakati. Mwachitsanzo, mutapeza magalamu 100, ndiye kuti hekitala imodzi ili ndi makilogalamu 1,000. Lamulo labwino n'lakuti theka lidyedwe, theka litsale kuphimba nthaka. Pa chitsanzo chimenechi ng'ombe imodzi ikufunika mahekitala awiri ndi pang'ono, ndipo khola la ng'ombe 20 likufunika mahekitala oposa 40. Ngati masamu sakukwana, ndi bwino kugulitsa ng'ombe zina mu Meyi kapena Juni zili zonenepa, kusiyana n'kuzigulitsa motchipa mu Novembala zitatsala mafupa. Njira ina ndi kumweta udzu pamene wayamba maluwa, kuuyanika masiku awiri kapena atatu, n'kuusunga pa thandala lofoleredwa.

Theka lotsala lija lili ndi ntchito yaikulu. Limachepetsa mphamvu ya madontho a mvula, limachedwetsa madzi kuti alowe pansi, limateteza nthaka ku dzuwa, ndipo likawola limabwezera chonde. Moto wolusa wa osaka mbewa umatha zonsezi m'tsiku limodzi, ndipo nayitirojeni amene anali mu udzuwo amauluka ndi utsi. Malamulo a m'mudzi oletsa kutentha tchire akhale ndi mphamvu kubusa monga ali nayo kumunda.

Malo omwetsera ndi makola nawonso asankhidwe mwanzeru. Pamene ziweto zimasonkhana tsiku lililonse pamakhala poyera, choncho chomwera chisamangidwe pa nthaka ya sodiyamu kapena pamutu pa chigwembe. Pa malo amene ayera kale, yalani nthambi za minga mopingasa kutsetsereka kwa malo, thirani ndowe, fesani mbewu za udzu wa komweko kapena bzalani kapinga, ndipo ziweto zisalowepo kwa dzinja limodzi kapena awiri. Pa nthaka ya sodiyamu mankhwala ake ndi gypsum, osati laimu, koma pa busa lalikulu mtengo wake ndi wokwera, choncho chophimba cha udzu ndi ndowe ndicho chida chimene tili nacho m'manja.

Nthaka ndi ntchito zina za chitukuko

Kudziwa gulu la nthaka kumathandizanso posankha malo a ntchito zimene mawodi amapempha ku khonsolo. Dziwe losungira madzi a ziweto limagwira bwino pa makande chifukwa dongo likatupa limatseka pansi. Khoma la damu lomangidwa ndi dongo la sodiyamu limabooka mphanga n'kugumuka. Mdadada wa sukulu, chipatala chaching'ono kapena dipi yomangidwa pa makande imafuna maziko ozama ndi olimba mwapadera, ndiponso ngalande zochotsa madzi pafupi ndi khoma. Dzenje la chimbudzi limafunika kumangidwa ndi njerwa m'kati kuti lisagwe m'dzinja. Madzi osefukira a mu 2015, komanso amene anadza ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, anasiya mchenga ndi matope pamwamba pa nthaka yakale m'malo ambiri, kotero ndi bwino kukumba n'kuona m'malo modalira zimene tinkadziwa kale. Pamenenso ulimi wothirira ukukula kudzera mu Shire Valley Transformation Programme, malo odyetsera ziweto akuyenera kugwiritsidwa ntchito mosamala kuposa kale, ndipo othirira pa dongo lolemera akumbukire kuti madzi opanda ngalande zotulukira amakweza mchere pamwamba.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa komiti

1. Kodi busa la mudzi wathu lili ndi mitundu ingati ya nthaka, ndipo makolo ankaitchula mayina ati?

2. Ndi malo ati amene anali ndi udzu zaka khumi zapitazo koma lero ndi oyera? Kodi kambulu ka pamenepo kakuchita chiyani m'madzi a mvula?

3. Kodi ziweto zathu zimadya kuti mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo zingasunthire kuti popanda kulowa m'minda ya anthu?

4. Tikawerengera udzu umene ulipo mu Meyi, kodi ukukwanira ziweto zonse za m'mudzi mpaka mvula?

5. Ndi gawo liti la makande limene tigwirizane kulipumitsa dzinja likubwerali, ndipo ndani aziyang'anira?

Mayankho a mafunsowa, pamodzi ndi mapu a busa, aperekedwe kwa mlangizi wa ziweto kapena wa zosamalira nthaka kudzera ku ADC, kuti alowe mu ndondomeko ya chitukuko ya dera lanu. Maenje oyesera nthaka akumbidwe m'chilimwe ming'alu ikadali yotseguka, ndipo akwiriridwe mukatha kuona kuti ana ndi ziweto zisagweremo.